Munaseka ampu ija, ndipo ifenso tinaseka

Pa Chiweru china mwezi wa July, pa bwalo la mpira kuno ku Kasisi panali chisangalalo cha achinyamata. Ife odzipereka a pa wailesi ya m'dera tinapitako ndi maikolofoni kuti tikajambule mawu a pulogalamu ya pa Sondo. Panali ovina, panali a ndakatulo, panalinso anyamata oimba pamwamba pa nyimbo za m'foni. Ndiyeno kunabwera mnyamata wa zaka 19, wamanyazi, gitala pa phewa, m'manja kabokosi ka matabwa. Kumbuyo kwa kabokosiko kunali timabotolo titatu tagalasi tikuyaka ngati makala. Inali ampu ya mavalavu. Anaipanga yekha pa tebulo la m'khitchini, kuchokera ku wailesi yaikulu ya galamafoni imene ambuye ake anasiya.

Anaimba mphindi ziwiri chabe. Pansi pa nyimbo panali kulira kwa "mmmm" ngati firiji ya m'kantemba, kenaka mawu anayamba kuphwanyika, ndipo amene tinali pafupi tinamva fungo la chinthu chopsa. Mnyamatayo anazimitsa msanga. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Iwe, chosapo mbaula yako apo, tifuna nyimbo!" Bwalo lonse linafa nalo phwete. Pofika madzulo kavidiyo kanali katazungulira m'magulu a WhatsApp mpaka ku Chelstone ndi ku Mtendere. Tisaname: enafe tinaseka nawo, ndipo m'pulogalamu ya pa Sondo sitinamutchule konse.

Tikulemba chifukwa cha kuseka kuja. Tili ndi khalidwe loipa limene latilowa m'magazi. Chinthu chikafa timataya, ndipo munthu amene atsegula chinthu chakufa kuti aone chimene chachipha timamuyesa wosauka kapena wozungulira mutu. Ife tikuti pa bwalo lonse lija, mnyamata amene ampu yake inamuchititsa manyazi ndiye anabwera ndi chinthu chachikulu koposa. Enafe tinabwera ndi masipika a Bluetooth ogula ku Kamwala, amene ngati atazima mawa palibe mmodzi wa ife angadziwe ngakhale pomasulira.

Amene anakuwa za mbaula sadziwa kuti timabotolo tija ndi timene tinabweretsa Chinyanja pa mphepo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Harry Franklin, amene anali kuyang'anira zofalitsa nkhani mu Northern Rhodesia, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire. Chigoba chake chinali cha aluminiyamu chozungulira ngati poto, n'chifukwa chake anaitcha Saucepan Special. Mkati mwake munali mavalavu anayi, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Ndi pa wailesi imeneyo pamene agogo athu anamva Alick Nkhata akuimba ndi kuulutsa mawu kuchokera ku Central African Broadcasting Station mu Lusaka. Ife a pa wailesi za m'madera ndife adzukulu a kapoto kaja. Kuseka valavu kwa ife kuli ngati mwana wa msodzi kuseka bwato.

Patapita milungu iwiri tinamva kuti mnyamata uja afuna kuphwanya ampuyo, achotse kopa wa m'thiransifoma akagulitse kwa ogula zitsulo. Amake anali atamuuza kuti safunanso kuona chinthucho m'nyumba. Manyazi anatigwira. Tinapita atatu kukapepesa, ndipo tinapempha amake kuti atilole tipite nayo kwa mudala wina wokonza mawailesi pa msika wina wa m'komboni. Mudalayo apitirira zaka 70. Anaphunzira nchito pa mawailesi ndi ma TV a mavalavu, ndipo masiku ano amangokhala pa benchi kudikira makasitomala amene sabwera. Zimene tinaona pa benchi lawo tizifotokoza bwinobwino, chifukwa ambiri amayesa kukonza zinthu ndi kungogwiragwira mawaya mpaka mwayi ukugwere.

Choyamba, mudala sanalowetse pulagi pa khoma. Anatembenuza ampu, anainunkhiza, anayang'ana chingwe, nafunsa mnyamatayo kuti, "Mwana wanga, ukagwira mawaya a gitala siumva kunyerenyetsa m'zala?" Iye anavomera kuti nthawi zina amamva. Chingwe chinali cha mawaya awiri, chopanda waya wachitatu wa ethi. Mawaya a gitala amalumikizana ndi chitsulo cha ampu kudzera m'chingwe cha gitala, choncho malaiti akathawira pa chitsulocho, njira yawo yopitira pansi ndi thupi la woimba. Mudala anaika chingwe cha mawaya atatu, waya wa ethi anaumanga ndi bauti lakelake pa chitsulo, naikanso fyuzi. Pamenepa tinene mosabisa kuti amake mnyamata uja sanalakwe kuopa. Leslie Harvey wa gulu la Stone the Crows anafa pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yopanda ethi. Keith Relf, amene anali woimba wa The Yardbirds, anafa kunyumba kwake mu 1976 akuimba gitala ya magetsi imene inalibe ethi yabwino.

Chachiwiri, anatiphunzitsa kuti ampu yozima ikhoza kuluma. Pa khoma pamabwera mavolti 230, koma thiransifoma imawakweza, valavu ya EZ80 imawawongola kuti aziyenda njira imodzi, ndipo makapasita aakulu amawasunga. M'ampu ya mnyamata uja amakhala pafupi ndi 270, ndipo angakhalebe m'makapasitamo ngakhale mwazula pulagi. Mudala anawatulutsa pang'onopang'ono kudzera mu rezisita, anapima ndi mita mpaka anaona kuti atheratu, ndipo pamenepo m'pamene analowetsa dzanja. Anawotchereranso rezisita ya 220k yokhalitsa pamenepo kuti izitulutsa yokha mphamvuyo nthawi zonse ampu ikazima. Lamulo lawo lina ndi lakuti popima ampu yoyaka dzanja limodzi likhale m'thumba, kuti malaiti asadutse pa chifuwa kuchoka dzanja ili kupita linalo.

Chachitatu, anatulutsa m'kabati babu lakale la kawaya mkati, la mawati 60, mababu aja amene anasowa chibwerere cha LED. Analilumikiza pakati pa khoma ndi ampu, kuti malaiti onse opita ku ampu adutse kaye m'babumo. Ngati mkati muli mawaya ogundana, babu limawala kwambiri n'kukhala choncho, ndipo limateteza thiransifoma kuti isapse. Ngati zili bwino, limawala kamphindi n'kuzirala. Lathu linawala, linazirala, koma mavalavu atatentha linayambanso kuwala pang'onopang'ono kuposa mmene mudala anayembekezera. Iwo anati pali china chimene chikumwa malaiti mopitirira, ndipo chimayamba valavu ikatentha. Anapereka mita kwa mnyamata uja kuti apime yekha.

Valavu yaikulu, imene imakankha sipika, ndi EL84. Pansi pake pali rezisita ya ma ohm 150. Zikakhala bwino, pa rezisitayo pamakhala mavolti pafupifupi 7. Atachotsa babu lija ndi kuyatsa kwa kanthawi kochepa, mita inaonetsa 12. Mudala anafunsa ngati tikukumbukira lamulo la Ohm la ku sekondale, lija tinaloweza kuti tikhoze mayeso n'kuliiwala Lolemba lake. Gawani 12 ndi 150, mupeza 0.08, kutanthauza mamiliampu 80. EL84 imafuna pafupifupi 50, ndipo kutentha kumene ingapirire ndi mawati 12. Yathu inali itapitirira malire amenewo, n'chifukwa chake chitsulo cha mkati mwake chinali kufiira, ndipo fungo lija la pa bwalo linali la rezisita imene inali kupsa.

Chinachititsa n'chiyani? Pakati pa valavu yaing'ono ya ECC83 ndi EL84 pali kakapasita kamene nchito yake ndi kudutsitsa mawu a gitala koma kutsekereza mavolti aakulu. Mnyamata uja anakatenga mu wailesi ya ambuye ake, kakale ka pepala ndi phula. Kanali katatopa ndipo kanali kudontha. Pa giridi ya EL84, pamene payenera kukhala ziro, mita inapezapo mavolti. Valavu inali ngati mpopi wosiyidwa wotsegula. Kakapasita katsopano, mtengo wake wosafika pa botolo la zoziziritsa kukhosi, ndi rezisita ina m'malo mwa yopsa ija, zinabweza mita pa 7.5. Gawani ndi 150, mupeza mamiliampu 50. Chinthu chimene chinaseketsa bwalo lonse chinali chachifupi kuposa chala chaching'ono.

Kunatsala kulira kwa firiji kuja. Apa mudala anachita chinthu chimene sitidzaiwala. Anauza mnyamatayo kuti afune kulirako pa gitala yake. Anayesa, naupeza pafupi ndi fureti yachitatu ya waya wonenepa, pa G. Mudala anagwedeza mutu. Malaiti a m'dziko muno amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo akadutsa mu EZ80 kugunda kwake kumakhala ka 100. G ameneyo amanjenjemera ka 98. Ndiye kuti kulirako kunali kuchokera ku makapasita aakulu osefa malaiti, amene analinso a m'wailesi yakale ndipo anali atauma. Kuti atsimikize anatsitsa voliyumu mpaka pansi, kulira kunakhalabe. Anazimitsa, anazula ECC83, anayatsanso, kulira kunakhalabe. Choncho vuto silinali kumene gitala imalowera. Anaika makapasita awiri atsopano a 32uF opirira mavolti 450, ndipo firiji inakhala chete.

Kulira kwina kotsika, kumene kunali kukula mukakweza voliyumu, kunaonekera pamene kwakukulu kunachoka. Kumeneko kunali kwa mawaya a mavolti 6.3 otenthetsa mavalavu, amene anali kuyenda motayana pafupi ndi polowera gitala. Anawapota ngati chingwe cha mlaza, anawakankhira m'mbali mwa chitsulo, naika marezisita awiri a ma ohm 100 kuchoka pa waya uliwonse kupita ku chitsulo. Pomaliza panali kuthetheka kobwera mwa apo ndi apo. Mudala anatenga kamtengo kouma ka nsungwi n'kumagogoda nako polumikiza paliponse, dzanja lina lili m'thumba, mpaka sipika inathetheka pa phazi limodzi la valavu pamene solda sinagwire bwino. Anatichenjezanso kuti ampu ya mavalavu siyatsidwa popanda sipika, chifukwa thiransifoma ya ku sipika ingapse. Nchito yonse inatenga Ziweru zitatu, chifukwa cha kudikira malaiti ndi kufunafuna zipangizo m'tauni.

Tafotokoza zonsezi kuti muone chinthu chimodzi. Palibe pamene mudala analota kapena kuombeza. Anafunsa, anapima, anawerengera, anasintha chinthu chimodzi, anapimanso. Imeneyi ndi sayansi yeniyeni imene makolo athu amalipirira ndalama zambiri kuti tiiphunzire, ndipo ili pa benchi la matabwa pakati pa wogulitsa kapenta ndi wometa tsitsi. Ife timaidutsa tsiku lililonse popita kukagula chaja yachitatu chaka chino.

Tsopano tiyankhe zimene mwakhala mukutiuza kuyambira pamene tinayamba kukamba nkhaniyi.

Mukuti ndi zachikale. Zoona, valavu ndi yakale. John Ambrose Fleming anapanga yoyamba mu 1904, ndipo thiransisita inatulukira mu 1947 n'kudzailanda malo m'mawailesi. Koma oimba gitala sanaisiye, chifukwa ikakankhidwa mwamphamvu imaphwanya mawu mokoma m'khutu. EL84 yomweyi ndi imene ili mu Vox AC30, ampu imene The Beatles anaimbira. Mafakitale aku Slovakia, Russia ndi China akupangabe mavalavu lero, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 oimba a ku America ndi ku Ulaya anawasowa mpaka mitengo inakwera. Chimene inu mukutcha mbaula, anzanu kunja akuchilimbirana.

Mukuti ndi choopsa. Tavomera kale, ndipo tabwerezanso: mavolti 270 amapha. Koma taganizani chimene kuseka kwanu kumachita. Mnyamata uja anapanga ampu yopanda ethi chifukwa anaipanga yekha usiku, mobisa, akuonera mavidiyo pa foni, wopanda wamkulu womuyang'anira. Anabisa chifukwa anadziwa kuti timuseka. Kuseka sikuletsa mwana wachidwi kugwira mawaya. Kumangomuthamangitsira kuseri kwa nyumba kumene kulibe womuuza za dzanja la m'thumba. Ngati mukuopadi kuti ana athu adzafa ndi malaiti, atengeni mupite nawo kwa amene adziwa, ndipo inu achinyamata amene mukuwerenga, musatsegule ampu ya mtundu uwu muli nokha.

Mukuti kugula yatsopano n'kotchipa. Pa tsiku logula, mwina inde. Tivomerenso kuti ampu ya mavalavu imadya mawati oposa 30 kuti itulutse 5, pamene tiampu tatsopano timatulutsa zambiri ndi malaiti ochepa. Sitikuuza aliyense kuti ataye sipika yake. Koma werengani masipika, machaja, matochi ndi mafoni amene mwataya m'zaka zisanu. Lipoti la United Nations la 2024 linati m'chaka cha 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwa dongosolo ndi 22.3 peresenti chabe. Zathu zimathera m'dzenje la kuseri kwa nyumba, kapena ana amaziwotcha kuti achotse kopa, utsi wake n'kumaupuma. Mtengo umenewo sulembedwa pa risiti. Ku Ulaya aona vuto: mu 2024 European Union inakhazikitsa lamulo lopatsa ogula ufulu wokonzetsa katundu wawo. Iwo amene amapanga zinthu akumenyera kukonza, ife amene timangogula tikunyoza wokonza.

Mukuti palibe chathu pamenepo, mavalavu ndi ochokera kunja. Nanga foni imene mukuwerengerapo inapangidwa ku Kalingalinga? Mawaya a gitala, feteleza, basi imene mwakwera m'mawa, zonse n'zakunja. Kusiyana kuli pakati pa munthu amene angatsegule chinthu chakunja n'kuchimvetsa, ndi munthu amene angangochilipira. Dziko lino linapangapo mawailesi ku Livingstone, mabatire ku Mansa, njinga ku Chipata. Mafakitale amenewo atagwa, luso silinafe tsiku lomwelo. Linabalalika m'misika, m'manja mwa anthu ngati mudala wathu uja. Likufa tsopano, mmodzimmodzi, pamene maso awo akuchita khungu popanda wowalowa m'malo.

Mukuti sizidyetsa. Funso limeneli ndi lenileni, ndipo amake mnyamata uja analifunsa. Kumbukirani 2024. Chilala chitalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko m'mwezi wa February, madzi ku Kariba anatsika, ndipo panafika nthawi imene madera ambiri anali kuona malaiti maola atatu chabe pa tsiku. Aliyense wokhala ndi kandalama anathamangira sola, mainveta ndi mabatire. Minda ya kuno ku Chongwe yadzala ndi mapampu a sola. Zonsezi zidzawonongeka, chifukwa palibe chopangidwa ndi munthu chimene sichiwonongeka. Adzazikonza ndani? Munthu amene wadziwa kutsata vuto kuchoka pa pulagi kufika pa sipika, amene adziwa kuti kapasita imauma ndipo solda imamasuka, ali kale theka la njira yokonzera inveta. Ubwino wa ampu ya mavalavu ngati mphunzitsi ndi wakuti zonse zili poyera, n'zazikulu, zimagwirika ndi zala, ndipo siziposa makumi atatu. Foni ya masiku ano ndi yomatidwa ndi guluu, singaphunzitse woyamba kumene.

Pali chinyengo china chimene tifuna kuchitchula, chifukwa ndi cha ife eni ake a pa wailesi ndi inu okonda nyimbo. Masiku ano aliyense ndi wa Zamrock. Timavala masikipa a WITCH, timatchula Lazy Bones!! ya 1975, Africa ya Amanaz, Paul Ngozi ndi Ngozi Family, Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Timanyadira kuti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 za pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Koma kwa zaka zambiri nyimbozi tinaziiwala, ndipo Jagari Chanda anali kukumba miyala ya mtengo wapatali kuti adye. Tinazikumbukira pamene kampani ya Now-Again ya ku America inazitulutsanso, filimu ya WITCH itatuluka mu 2019, ndi chimbale cha Zango mu 2023. Phokoso lija la gitala limene dziko likuliyamikira linatuluka m'maampu, ndipo mtengo wa kopa utagwa m'ma 1970, ndalama zakunja zitasowa, muganiza ampu ikafa anali kuitaya? Panali wina ndi nsimbi yowotcherera kuseri kwa siteji amene dzina lake silili pa chimbale chilichonse. Timakonda zipatso, mtengo tikuudula. Ndipo kalindula amene timavina pa ukwati uliwonse anayambira pa babatoni ndi mabanjo osema pamanja.

Timachita chimodzimodzi ndi William Kamkwamba wa ku Kasungu ku Malawi. Iyenso anayamba ndi kutsegula mawailesi akufa, ndipo pamene anali kutola zitsulo kuti apange makina ake a mphepo anthu a kwawo anamuyesa wamisala. Filimu yake itatuluka pa Netflix mu 2019 tinaitumizirana ndi mawu olimbikitsa. Kuombera m'manja Kamkwamba wa pa TV n'kosavuta. Wa pa bwalo lathu, pa tsiku limene chinthu chake chalephera, tinamujambula kavidiyo.

Ndipo ife a ku Kasisi tilibe podzikhululukira. Pakati pathu pano pali Kasisi Agricultural Training Centre, imene a Jesuit anayambitsa mu 1974, ndipo yadziwika m'dziko lonse chifukwa chophunzitsa alimi kulima ndi manyowa, ndi zimene ali nazo kale pa khomo. Anthu amachoka kutali kudzaphunzira kuti chimene mumayesa zinyalala ndi chuma. Phunziro limeneli talimva pa nthaka. Pa wailesi yakufa silinatilowebe. Ndege zimadutsa pamwamba pa mitu yathu tsiku lililonse kutera pa Kenneth Kaunda International Airport, zitanyamula katundu amene sitingathe kumutsegula, ndipo timaziyang'ana ngati kuti nzeru zonse zimatsika kumwamba.

Tikufuna zinthu zinayi, ndipo palibe chofuna chozizwitsa.

Kwa a makomiti a chitukuko m'mawadi athu: mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo mbali ina ndi ya maphunziro a luso ndi magulu a achinyamata. Benchi limodzi, mamita asanu, nsimbi zowotcherera zisanu ndi malipiro a mudala mmodzi wophunzitsa sizingafike ngakhale pa mtengo wa galimoto imodzi. Achinyamata, fomu imeneyo siidzilemba yokha. Pangani gulu, pemphani, ndipo amene waphunzira akayesedwe ku TEVETA kuti akhale ndi pepala.

Kwa oyang'anira maholo a masukulu ndi a matchalitchi: tipatseni chipinda Chiweru chimodzi pa mwezi. Ku Amsterdam mu 2009 mayi wina, Martine Postma, anayambitsa Repair Café, tsiku limene anthu amabweretsa zinthu zakufa n'kuzikonza pamodzi ndi odziwa, ndipo zafalikira m'maiko ambiri. Ife sitifunika kuphunzira kwa iwo kukonza zinthu. Tifunika chabe chipinda ndi soketi yokhala ndi ethi.

Kwa inu amene muli ndi wailesi ya agogo pansi pa bedi kapena m'nkhokwe: musaigulitse pa sikelo. Thiransifoma imene wogula zitsulo adzaiphwanya ndi hamala kuti apeze kopa wa makwacha ochepa ndi imene mwana wina akuisowa. Komanso musailowetse pa khoma kuti muone ngati ilira. Mwamva zimene makapasita akale amachita.

Kwa ife eni: tili ndi maola ambiri pa mphepo amene timadzaza ndi moni wa tsiku lobadwa. Tagwirizana kupempha mphindi 15 pa mlungu zakuti okonza mawailesi, mafoni, njinga ndi mapampu azibwera kudzafotokoza vuto limodzi ndi mmene analipezera, m'Chinyanja ndi m'Chisoli. Mudala uja wavomera kukhala woyamba, ngakhale anati mawu ake ndi oipa kuposa ampu ija isanakonzedwe.

Ampu inabwerera kwa amake. Asanailole kulowa m'nyumba anafuna kuona ndi maso awo waya wa ethi, ndipo mnyamatayo anawaonetsa pa mita kuti chitsulo cha ampu chalumikizana ndi phazi lalitali la pulagi. Anamulola, koma anati kumbuyo atsekeko ndi thabwa la mabowo chifukwa cha ang'ono ake. Watseka. Mukaika khutu pa sipika mumamvabe kakulira kakang'ono, ndipo mudala akuti kameneko kasiyeni. Babu lija la mawati 60 anam'patsa kuti likhale lake, ndipo Chiweru chilichonse mnyamatayo akukwera basi kupita ku benchi lija, kumene tsopano ndiye amawerenga manambala aang'ono a pa marezisita amene maso a mudala sakuwaonanso.

Chisangalalo china chikubwera sukulu zikatseka, pa bwalo lomwe lija, ndipo walembetsa dzina. Mawati 5 safika kumbuyo kwa bwalo, choncho tidzaika maikolofoni yathu patsogolo pa sipika yake. Inu amene munatumiza kavidiyo koyamba, mabandulo ake munali nawo. Bwerani mudzajambule kachiwiri, ndipo ngati muli ndi chaja, tochi kapena wailesi yakufa, mubwere nayo.